Tilipire kuti tikayimbe ku Tete, kapena tikonze phwando lathu konkuno ku Ulongué?

Gitala_Domwe
Akuluakulu ndi anzanga pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndife anyamata asanu ndi mtsikana mmodzi, timayimba ndi zida zenizeni, osati za pa flash ayi. Timakumana ku Ulongué. Pulomota wina wa mu mzinda wa Tete, dzina sinditchula, akubweretsa woyimba wamkulu wa ku Maputo kumapeto kwa mwezi wamawa. Watiuza kuti tikhoza kukhala akalambulabwalo, mphindi 20. Koma akuti tiyambe tagula matikiti 30 pa mameticais (mt) 200 iliyonse, ndiye kuti 6,000 mt, titumize sabata ino pa M-Pesa, kenako tigulitse tokha. Akuti tikagulitsa onse ndalama yathu yabwerera, komanso anthu atiwona. Ulendo, chakudya ndi pogona ndi zathu.

Chikundivuta ndi chakuti anthu otidziwa ali kuno ku Angónia. Ndani angakwere chapa (minibasi) makilomita oposa 200 kukationera mphindi 20? Gulu lagawikana. Wang'oma akuti tipite, mwayi wotere subwera kawiri. Wabezi akuti ndalama yomweyo tichitire phwando lathu. Ndalamayi ndi ya kachewere amene tinalima limodzi kudimba, sitinaitole panjira. Amene munadutsamo, tiuzeni.

Nabanda_Matundo
Musapite achimwene. Ameneyo wakupezani ngati ogula matikiti, kuyimba kwanu alibe nako ntchito.

Bezi_Moatize
Ife tinalipira chaka chatha, ndiye ndikuuzani zimene mukakumane nazo. Papepala lolengeza panali nkhope ya wamkuluyo, pansi pake maina awiri a anthu a mu mzinda, ife tinalowa m'mawu akuti "ndi ena ambiri". Tinafika masana ndi zida, kutentha kwa Tete mukukudziwa. Tinapempha kuyesa mawu, anatiuza kuti dikirani. Ng'oma za wamkuluyo zinali zitakhala kale pansanja, zofundidwa nsalu, ndipo mnyamata wa pa mikisa ananena mosabisa kuti zimenezo sizikhudzidwa, zanunso palibe malo oziika. Anatipatsa maikolofoni awiri. Mapeto ake wang'oma wathu anakhala pansi kumangoonerera, ife tikuyimba motsatira nyimbo ya pa flash.

Anatikweza 6 koloko madzulo, geti litangotsegulidwa. Amene anatimva ndi alonda, amayi amene ankaika zakumwa m'madzi oundana, ndi abale athu amene tinawapatsa matikiti otsala. Anthu enieni anayamba kulowa cha m'ma 10 usiku. Wamkuluyo anafika pakati pa usiku kuchokera ku hotela, anayimba, nabwerera m'galimoto. Sanadziwe n'komwe kuti kunali gulu la ku Moatize. Ife tikukhala pafupi, makilomita 20 okha, ndipo matikiti anatikanika kugulitsa onse. Nanga inu a ku Ulongué?

Mfana_TikTok
Koma kanema munajambula? Masiku ano chofunika ndi kanema. Ukaoneka pansanja yaikulu, nyali zikuthwanima kumbuyo, ukaika pa Facebook ndi TikTok anthu amakupatsa ulemu. Sadziwa kuti kutsogolo kunali mipando yokha.

Bezi_Moatize
Nyali zake ziti mphwanga? 6 koloko kukuwala, nyali anali asanayatse.

Pulomota_Chingodzi
Ndikuona mwayamba kutipaka matope tonse, ndiye ndiloleni ndiyankhule, ngakhale si ine amene ndinayitana anyamatawa. Inu mumaona anthu atadzadza n'kumawerenga ndalama za pakhomo. Simumaona zimene zatuluka anthuwo asanabwere. Woyimba wa ku Maputo sakwera basi, amafuna ndege mpaka ku bwalo la ndege la Chingodzi, iye ndi anthu ake. Amafuna hotela yoziziritsa. Theka la malipiro ake amalandira asananyamuke kwawo. Onjezani zokuzira mawu, nsanja, jenereta ndi mafuta ake, chilolezo, apolisi, alonda, kulengeza pa wailesi, mapepala. Zonsezo ndimalipira ine ndisanagulitse tikiti ngakhale imodzi. Mvula ikagwa kapena kukachitika maliro aakulu, ngongole ndi yanga ndekha.

Kale ndinkapereka mpata kwaulere. Magulu ankabwera asanu ndi atatu, aliyense ndi anzake khumi ofuna kulowa ulere, osabweretsa munthu mmodzi wolipira. Ena kufika mochedwa, ena ataledzera, ena kukana kutsika. Matikiti aja ndi sefa. Gulu limene lili ndi anthu olitsatira silivutika kugulitsa matikiti 30. Limene likulephera, ndiye kuti nthawi yake yokwera nsanja yaikulu sinakwane.

Nabanda_Matundo
Bambo Pulomota, funso limodzi. Bwalo likadzadza, anyamatawa mumawagawirako phindu? Ngati yankho ndi ayi, bwanji akuthandizeni kusenza chiopsezo chokha?

Pulomota_Chingodzi
Phindu lawo ndi kuonekera, mayi.

Nabanda_Matundo
Kuonekera kwa alonda. Mwawerenga zimene alemba a Bezi_Moatize?

Aphunzitsi_Tsangano
Tiyeni tiwerengere, chifukwa 6,000 mt ija si mtengo wonse. Tiyerekeze kuti chapa ndi 500 mt munthu mmodzi ulendo umodzi, inu mukonze malinga ndi mtengo wa lero. Anthu asanu ndi mmodzi, kupita ndi kubwera, ndi 6,000 mt ina. Zida sizikwera ulere, kondakitala adzawerenga ng'oma ndi kiyibodi ngati anthu, tiike 1,000 mt. Phwando limatha usiku, chapa yobwerera kudzera pa Mussacama simuipeza nthawi imeneyo, ndiye pogona 2,000 mt, ndipo mtsikanayo sangagone chipinda chimodzi ndi anyamata. Chakudya 1,500 mt. Zonse pamodzi 16,500 mt. Mukagawa ndi mphindi 20, mphindi iliyonse mukuigula 825 mt.

Matikiti aja musawawerengere ngati ndalama yobwerera. Mu mzinda wa Tete simukudziwa anthu, ndipo aliyense wofuna tikiti akagula pakhomo kapena kwa pulomota mwini. Inu mudzakhala mukupikisana ndi amene anakugulitsaniyo.

Za sefa zimene akunena a Pulomota ndazimva, koma sefayo ikuyeza thumba, siikuyeza luso. Mwana wa munthu wa ndalama amene anaphunzira gitala mwezi watha adutsa, anyamata olima kachewere atsala.

Gitala_Domwe
Aphunzitsi, za pogona sitinaziwerengere bwino. Timati tikagona kwa msuweni wa wakiyibodi ku Matundo, koma ndi chipinda chimodzi ndipo ali ndi banja.

Zokuzira_Calomue
Ine ntchito yanga ndi yobwereketsa zokuzira mawu, kuyambira maukwati mpaka misonkhano ya mpingo, mbali zonse ziwiri za malire. Ndikugwirizana ndi amene akuti musapite. Koma ndikuopa kuti pagulu pano tikupangitsa phwando lodzikonzera kuoneka ngati laulere. Nalonso mumalipira, ndipo ndaona magulu akulira m'mawa mwake.

Choyamba ndi malo. Holo ili ndi ubwino wakuti khomo ndi limodzi. Pabwalo muyenera kutchinga ndi malona kapena mphasa, ndipo ana amakwawira pansi, akuluakulu amaima panja n'kumamvera ulere chifukwa mawu sadziwa mpanda. Ndinakhalapo pa phwando lina kumene kunja kunali anthu ochuluka kuposa mkati, akuvina bwinobwino, ogulitsa chimanga chootcha akupanga ndalama, gulu osapeza ngakhale ya mafuta.

Chachiwiri magetsi. Musadalire a pakhoma okha. Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechi koma magetsi amathima nthawi imene simukuyembekeza. Jenereta ikhalepo, yoyesedwa masana, mafuta ogula kale m'chigubu. Muiike kutali ndi nsanja, kuseri kwa khoma, chingwe chikhale chachitali ndi chokhuthala. Chingwe chopyapyala chimatentha, mphamvu imatsika, ampulifaya imayamba kudula mawu bezi ikagunda.

Chachitatu, chimene chimapha magulu ambiri, ndi pakhomo. Musaike m'bale wanu. M'bale sangabweze amalume ake, sangabweze mnzake wa kusukulu, sangabweze mkazi amene akumufuna. Ikani anthu awiri osadziwana bwino, wina wolandira ndalama, wina wong'amba tikiti, ndipo matikiti akhale ndi manambala. Wolowa adindidwe chidindo padzanja, apo ayi tikiti imodzi ilowetsa anthu anayi kudzera pawindo la kuchimbudzi. Ola lililonse mmodzi wa inu achotse ndalama pakhomo, awerenge pamaso pa onse awiri, alembe m'kope.

Chachinayi mapepala. Ulongué ndi municipio (tauni yokhala ndi khonsolo yake), pitani ku ofesi mukapemphe chilolezo nthawi ilipo, mudziwitse apolisi ndi a sekeretale a bairo. Kumidzi yambani ndi amfumu. Mukalumpha zimenezi, munthu mmodzi wodandaula za phokoso akhoza kukuzimitsirani phwando 9 koloko, anthu n'kuyamba kufuna ndalama zawo.

Ndi 16,500 mt imene awerengera Aphunzitsi, kuno mukhoza kuchita zonsezi n'kutsala ndi yolengezera pa wailesi ya m'dera. Mukaika 50 mt pakhomo n'kulowa anthu 200, ndi 10,000 mt. Simunabweze yonse, koma mwayimba maola atatu, osati mphindi 20, ndipo anthu 200 aja akudziwa dzina lanu, mawa adzakuitanani ku ukwati.

Mfana_TikTok
Ndiye ukutayabe 6,500. Kusiyana kwake kuli pati?

Zokuzira_Calomue
Kuli pa zimene watsala nazo m'manja. Uku watsala ndi anthu, kope la manambala a foni, ndi nzeru ya mmene phwando limayendera. Kachiwiri mtengo umatsika chifukwa malona unagula kale, wa holo akukudziwa, ine ndikuchotserako. Uko watsala ndi matikiti osagulitsa.

Dalaivala_Zobue
Pakhomo muganizirenso za kwacha. Kuno kumalire theka la anthu amabwera ndi kwacha m'thumba. Mukakana mwathamangitsa anthu, mukalandira mosawerengera mwadyedwa. Kumbukirani Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga kwacha za pakhomo sabata imeneyo anadzuka ali ndi mapepala. Funsani osintha ndalama pa Calómuè m'mawa wa tsikulo, lembani mitengo iwiri pachikwangwani, ndipo musinthe m'mawa mwake.

Nabanda_Matundo
Za kwacha zomwezi, n'chifukwa chake sopo ndi shuga wa ku Dedza anadzadza m'misika yathu nthawi ija.

Dalaivala_Zobue
Ndipo a ku Malawi ankawolokera kuno kudzagula mafuta a galimoto m'zigubu. Malire awa amapuma mbali zonse.

Admin_Nyanja
Abale, za mafuta ndi shuga zili ndi malo ake. Tibwerere kwa anyamatawa.

Mayi_wa_Kwaya
Ana anga, ine ndine wa nyimbo za Mulungu, koma nzeru ya phwando ndi imodzi. Ife sitinalipirepo munthu kuti tiyimbe. Timachita masana, Lamulungu anthu akaweruka ku mapemphero, kuyambira 1 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Masana simufuna nyali, oledzera ndi ochepa, amayi amabwera ndi ana, apolisi savuta. Pakhomo timaika ndalama yochepa kwambiri, chifukwa ndalama yeniyeni imabwera mkati. Timayala chitenje kutsogolo, anthu amafupa nyimbo ikawakhudza. Timaitana mlendo wolemekezeka, mwina wamalonda wa pamsika kapena mkulu wa sukulu, ndipo iye safuna kuchita manyazi pamaso pa anthu. Amayi a kwaya amaphika mandasi ndi thobwa, phindu limalowa m'thumba la gulu.

Inu oyimba za dziko mumaganiza kuti phwando ndi la usiku basi. Ku Angónia mwezi wa Juni ndi Julayi ndani angaime pabwalo usiku ndi chisanu chija? Zala zenizenizo zimakana kugwira nsambo za gitala. Yesani masana muone.

Gitala_Domwe
Zikomo amayi. Za masana sitinaziganizirepo, ndipo zingatichotsere mtengo wa nyali.

DJ_Mpadue
Nonse mukuyankhula ngati a kumudzi. Pepani koma ndi zoona. Ukafuna kukula uyenera kufika mu mzinda. Ku Ulongué udzayimbira anthu omwewo mpaka imvi. Ndalama zili ku Tete ndi ku Moatize, mabala ali kuno, makampani ali kuno, Rádio Moçambique ili kuno. Kulipira 6,000 kuti ulowe pakhomo limeneli si zambiri.

Kota_Furancungo
Mwana wanga DJ, ndalama zimene ukunenazo zinalipo, ndinaziona. Malasha atayamba kutuluka ku Moatize mu 2011, mu mzinda munadzadza alendo, a ku Brazil, a ku South Africa, a ku Zimbabwe. Mabala ankafunafuna magulu oyimba Lachisanu ndi Loweruka, ndipo ankalipira, chakudya n'kukupatsa. Palibe amene ankatchula zogula matikiti. Kenako mtengo wa malasha unatsika, anthu anachotsedwa ntchito, mu 2020 matenda aja anatseka mabala ndi maphwando onse, kampani ya Vale inagulitsa mgodi kwa Vulcan mu 2022. Mabala atatsegulanso anapeza kuti DJ mmodzi ndi laputopu ndi wotchipa kuposa anthu asanu ndi mmodzi ndi ng'oma. Magulu anachuluka, nsanja zinachepa. Mpamene mchitidwe wolipiritsa oyimbawu unamera. Sunabwere chifukwa choti ndi njira yokulira ayi, unabwera chifukwa oyimba ali ndi njala ya nsanja ndipo wina anaona kuti njalayo ingagulitsidwe.

Ife tinayamba kuyimba tili othawa nkhondo ku Dedza, mtendere wa 1992 usanabwere. Banjo tinkapanga ndi chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga, bezi yake babatoni wa chikopa cha ng'ombe. Tinkaima pamsika tsiku la msika, mbale pansi. Titabwerera kwathu tinkayenda m'midzi nthawi yokolola, kulowa kwake mbale ya chimanga kapena nyemba. Sindikunena kuti mubwerere ku zimenezo. Ndikunena kuti woyimba ankadziwa kuti chakudya chake chili kwa anthu omumvera, ndipo ankapita kumene iwo ali.

Taonani Alleluya Band ya ku Balaka. Inayambira pa parishi mu 1978, m'tauni yaing'ono, osati ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Anthu a kwawo ndi amene anayamba kuikonda, mizinda inachita kuitana yokha.

DJ_Mpadue
Madala, ulemu wanu, koma aja anali ndi mpingo kumbuyo kwawo wowagulira zida. Anyamatawa ali ndi ndani?

Kota_Furancungo
Ali ndi dimba la kachewere ndi anthu a ku Angónia. Ndi zochepa, n'chifukwa chake sindikufuna azipereke kwa munthu amene sanamvepo nyimbo yawo ngakhale imodzi. Gitala_Domwe, pulomotayo anakupemphani nyimbo kuti amve?

Gitala_Domwe
Ayi madala. Anangofunsa kuti tilipo angati ndipo titumiza liti.

Nabanda_Matundo
Basi, yankho ndi limenelo.

Nyungwe_Original
Komanso mukayimba Chichewa chokhachokha mu mzinda anthu sakutsatirani. Kuno ndi Chinyungwe ndi Chiputukezi. Achinyamata akufuna kizomba, pandza ndi amapiano, akuluakulu sungura.

Aphunzitsi_Tsangano
Zimenezo ayi. Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale, timamvana pamsika tsiku lililonse. Nyimbo za ku Malawi zimalira m'machapa a mu mzinda kuyambira m'mawa, za Chishona nazonso, palibe amafunsa womasulira. Wailesi ya chigawo imaulutsa m'Chinyanja. Ndipo anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amene akugwira ntchito mu mzinda ndi ochuluka zedi. Tsiku limene anyamatawa adzapite ku Tete, adzapite kwa amenewo, pa bala laling'ono la ku Matundo kapena ku Moatize, atalengeza m'magulu a WhatsApp a anthu akumudzi.

Nyungwe_Original
Pamenepo ndavomera. Bala laling'ono lodzadza ndi anthu akwanu likuposa bwalo lalikulu lopanda anthu.

Chemwali_Solo
Pali nkhani imene amuna simukuitchula. Mwati m'gulu muli mtsikana. Ine ndimayimba ndekha, ndipo kangapo ndauzidwa kuti iwe usalipire matikiti, tidzakambirana phwando likatha. Mukudziwa tanthauzo lake. Ukakana, dzina lako limasowa pa ndandanda tsiku lomwelo, uli kale kuseri kwa nsanja utavala. Sindikunena kuti onse ndi otero, a Pulomota_Chingodzi musadzimve. Koma pamene mpata woyimba uli m'manja mwa munthu mmodzi ndipo palibe pepala losainirana, mtsikana ndi amene amalipira mtengo woposa. Kutali ndi kwawo, usiku, wopanda ndalama yobwerera, angakane bwanji molimba? Mukapita kulikonse, ndalama yake yobwerera ikhale m'thumba lake iye mwini, ndipo asasiyidwe yekha kukakambirana ndi aliyense.

Mayi_wa_Kwaya
Wanena zoona mwana wanga. Makolo ambiri amakaniza ana aakazi kuyimba chifukwa cha zimenezi.

Pulomota_Chingodzi
Zimenezo n'zonyansa ndipo amene amachita ndimawadziwa, amatiwonongera dzina tonse. Chemwali, zikachitikanso kanene kupolisi, ndipo utiuze ife ena tisamagwire naye ntchito.

Kubwerera ku matikiti, ndiloleni ndisiyanitse zinthu, chifukwa mukuziphatikiza. Pali kulipira ndalama patsogolo, zimene auzidwa anyamatawa. Pali kutenga matikiti osalipira, kugulitsa amene wakwanitsa, kubweza otsala, iwe n'kutengapo gawo pa tikiti iliyonse. Pali kuyimba ulere koma ulendo ndi chakudya akulipirira. Pali kugawana za pakhomo ndi mwini bala, iye n'kudyera pa zakumwa. Njira yachiwiri ija ine ndimaichita ndi magulu amene ndimawakhulupirira. Gitala_Domwe, muimbireni munthuyo mumufunse zinthu zitatu. Kodi otsala tingabweze? Tikwera nthawi yanji, ndipo mungalembe? Dzina lathu likhala papepala? Akayankha bwino, ganizirani. Akakwiya, mwadziwa.

Bezi_Moatize
Muwonjezere lachinayi, ngati adzakulolani kuika ng'oma zanu ndi kuyesa mawu.

Mlimi_Biribiri
Ine si woyimba, ndine wovina chabe, koma ndikuuzeni za nthawi. Phwando la kuno limayenda ndi thumba la mlimi. Januwale ndi Febuluwale musayese, anthu ali pa njala ndipo ndalama yapita ku feteleza. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti fodya akugulitsidwa, chimanga chili m'nkhokwe, kachewere akukwera magalimoto opita ku Tete ndi ku Beira. Pamenepo 50 mt munthu saimva kuwawa. Musankhenso kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi anamwino atalandira. Ophunzira a yunivesite ya UniZambeze pa Ulongué pomwepo musawaiwale, amakonda zoterezi ndipo ndi amene amajambula n'kufalitsa. Apatseni mtengo wawo wotsikirapo.

Ngoma_Macanga
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ife ku Furancungo tili ndi vuto lomweli, ndipo ndili ndi ganizo. Amayi athu amachita xitique, aliyense amaponya, mwezi uno alandira uyu, mwezi wamawa uyo. Bwanji magulu osachita chimodzimodzi ndi maphwando? Magulu anayi, la ku Ulongué, la ku Dómuè kapena Tsangano, lathu, ndi la a Bezi ku Moatize. Mwezi uliwonse gulu limodzi ndi eni phwando. Eni amakonza malo, chilolezo, chakudya ndi pogona. Alendo amadzilipirira ulendo okha ndipo amayimba osalipidwa. Za pakhomo zonse ndi za eni. Ikatha miyezi inayi aliyense walandirapo kamodzi, ndipo wayimba m'madera anayi pamaso pa anthu enieni. Zida timabwerekana, sipafunika kunyamula ng'oma zinayi.

Nabanda_Matundo
Ili ndiye ganizo. Ndalama ikuzungulira mwa oyimba okhaokha.

DJ_Mpadue
Zidzatha pa mwezi wachiwiri. Amene walandira kale sadzabwera kwa anzake, adzati galimoto yavuta. Ndipo mudzakangana kuti atseke ndani. Oyimba ndimawadziwa, nsanje ndiye chakudya chawo.

Ngoma_Macanga
Otseka ndi eni mudzi nthawi zonse, pamenepo palibe mkangano. Za kuthawa, xitique ya amayi imayenda bwanji zaka ndi zaka? Amadziwana, ndipo wothawa sapezanso gulu. Tikhozanso kusungitsa chikole, gulu lililonse 2,000 mt kwa munthu wamkulu ngati a Kota, wosabwera yake yapita kwa amene wawakhumudwitsa.

Kota_Furancungo
Kusunga ndingasunge, koma zilembedwe, ndipo pakhale mboni ziwiri. Ndalama ya anthu sindiigwira pa mawu apakamwa.

Zokuzira_Calomue
Mukapanga zimenezo, ine maphwando a ku Angónia ndi Tsangano ndidzakuchitirani mtengo umodzi wotsika, chifukwa ndi ntchito yotsimikizika. Ku Furancungo msewu umadya masipika, tidzakambirana padera. Koma chinthu chimodzi ndimakana, kulipidwa phwando litatha kuchokera pa za pakhomo. Theka patsogolo, theka ndisanayatse. Ndi pamene ubale umakhalitsa.

Mfana_TikTok
Nanga amalonda sangathandize? Ogulitsa mbewu ndi feteleza, ma ajenti a M-Pesa ndi e-Mola, onsewa amafuna anthu.

Mayi_wa_Kwaya
Amathandiza, koma osapita kukapempha ndalama. Pemphani chinthu. Wa sitolo akupatseni malita khumi a petulo, inu mutchule sitolo yake pa maikolofoni ndi kupachika nsalu yake. Wa chigayo akubwerekeni jenereta. Wosindikiza akuchotsereni mtengo wa mapepala dzina lake likhale pansi. Munthu amaumira ndalama koma katundu amapereka.

Gitala_Domwe
Ndabwera ndi yankho. Ndamuimbira madzulo ano, foni ili pa sipika gulu lonse likumva. Za kubweza matikiti otsala wakana. Za nthawi wati zidzaoneka tsiku lomwelo. Za dzina wati mapepala anasindikiza kale. Za ng'oma wati tibwere ndi flash, nsanja ndi yopanikiza. Pomaliza wati tikachedwa pali magulu ena atatu akudikira mpatawo.

Wang'oma wathu atamva za flash sanayankhulenso, chifukwa ndiye kuti iye amene amalimbikira kupita akanakakhala pansi. Sanasangalale, akuti tikuopa mzinda, koma wavomera kuti tisatumize. Tagwirizana kuchita lathu masana, muholo, Loweruka lomaliza la Ogasiti. A Ngoma_Macanga ndi a Bezi_Moatize, ngati za xitique zija mumanena zoona, ife tiyambe kulandira alendo.

Pulomota_Chingodzi
Pa mayankho amenewo, nanenso sindikanatumiza. Mukajambula phwando lanulo munditumizire, osadula, ndione mmene anthu akuchitira nyimbo yachitatu ndi yachinayi.

Kota_Furancungo
Tsikulo sinthani. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi mwambo wa Kulamba ku Mkaika ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu, ovina ndi anthu ambiri a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amakhala atawolokera ku Katete, magalimoto onse amapita kumeneko. Ine ndemwe sindidzakhalapo.

Mlimi_Biribiri
Loweruka loyamba la Seputembala lili bwino, malipiro amakhala asanathe ndipo chisanu chimakhala chitachepa.

Bezi_Moatize
Ife tabwera, tilipo anayi. Ng'oma sitinyamula, tidzagwiritsa zanu. Wakiyibodi wathu amagwira ntchito ya mashifiti, ndiye tsiku litsimikizike sabata ino kuti apemphe.

Chemwali_Solo
Ngati pali mphindi 15 ndikufuna ndidzayimbeko, gulu lanu lindiyimbire zida. Ndidzafika Lachisanu kuti tiyesere limodzi.

Gitala_Domwe
Mwalandiridwa achemwali, mudzagona kwa amayi a woyimba mnzathu. Tsiku ndi Loweruka loyamba la Seputembala, ku ofesi ndipita Lolemba. A Zokuzira, mtengo wanu nditumizireni kumbali.

Zokuzira_Calomue
Ndisanatchule mtengo ndiuzeni holo yake, kutalika ndi kufupika kwake, ngati denga ndi la malata opanda siling'i, ndiponso masoketi ali mbali iti. Muwerengenso maikolofoni amene mukufuna pamodzi ndi a ng'oma.